CHIPERE CHA M'MUTU SICHIMVA MANKHWALA OPAKA



Mukukumbukira sewero lija tinamvera pa wailesi, la mayi amene mwana wake wa Sitandade 2 anayamba kusosoka tsitsi pamwamba pa khutu. Mayiyo anagula chubu cha mankhwala opaka pamsika, napaka mwezi wathunthu. Malo aja anayera pang'ono, koma posakhalitsa chipere chinabwerera, ndipo chinabwera ndi zinzake ziwiri. Apongozi ake anati mwanayo amuchita chipongwe anthu. Kenaka pamalopo panatupa, nipayamba kutuluka mafinya, ndipo malume ake a mwanayo anatenga lezala kuti aboole. Sewero linathera pamenepo, lezala ili m'manja.

Pokambirana, ambiri mwa inu munafunsa funso limodzi: bwanji chipere cha pamkono chimatha ndi mankhwala opaka, koma cha m'mutu chimakanirira? Funso limeneli ndi lomwe ndiyankhe lero.

Kodi chipere chimachokera kuti?

Chipere chimayamba ndi tizilombo ting'onoting'ono ta mtundu wa chuku, chija chimamera pa chimanga chomwe chasungidwa chisanaume. Kuchipatala timati fangasi. Tizilomboti timadya khungu lapamwamba, tsitsi ndi zikhadabo. Si ufiti ayi. Komanso si umboni wakuti mayi ndi wauve. Ndaonapo ana osamba m'mawa ndi madzulo, ovala zochapa bwino, ali ndi zipere zitatu m'mutu.

Kawirikawiri mwana amachitenga kwa mwana mnzake. Ana amagundanitsa mitu posewera, amagona mphasa imodzi, amabwerekana chipeso ndi chipewa. Njira ina yaikulu ndi kometa. Lezala imodzi kapena makina amodzi akameta ana khumi osatsukidwa, mwana mmodzi wodwala akhoza kupatsira ena onse tsiku lomwelo. Nthawi zina chimachokera kwa mphaka, galu kapena ng'ombe yomwe ili ndi malo osupuka ubweya. Chipere cha m'mutu chimakonda ana amene sanathe msinkhu. Mwa akuluakulu sichiwoneka kawirikawiri.

Chifukwa chake opaka sakwanira

Tonse pano timalima chimanga, ndipo kapuchi timamudziwa. Akakhala pa tsamba mukhoza kumuona ndi kumupha. Akaboola phesi nalowa m'kati, ngakhale muwaze mankhwala pamasamba, iye amangodya m'katimo mpaka chimanga kufota.

Chipere chimachita chimodzimodzi. Chikakhala pamkono, pamimba kapena pamsana, tizilombo timakhala pamwamba pa khungu, ndipo mankhwala opaka monga Whitfield, clotrimazole kapena miconazole amatifikira. Mukapaka kawiri patsiku kwa milungu iwiri mpaka inayi, n'kupitirizabe masiku angapo chitazimirira, chimatha. Koma m'mutu tizilomboti timatsika m'kabowo komwe tsitsi limamera, n'kulowa m'kati mwa tsitsi lenilenilo. N'chifukwa chake tsitsi limafooka n'kumathothoka, kusiya timadontho takuda kapena nkhungu zotuwa ngati phulusa. Mankhwala opaka safika pansi pamenepo. Amangoyeretsa pamwamba, mayi n'kumati zatheka, pamene muzu wa matenda udakali moyo.

Tsono kuti tizilombo tafikiridwe, mankhwala ayenera kudzera m'magazi. Ndiye kuti mwana amwe mapiritsi.

Mapiritsi ake

Mapiritsi omwe timapereka kawirikawiri dzina lake ndi griseofulvin. Dzinalo ndi lovuta kutchula, musadandaule nalo, lidzalembedwa m'buku la kuchipatala la mwana wanu. Mankhwalawa si achilendo. Anapezeka m'chaka cha 1939 kuchokera ku mtundu wina wa chuku, ndipo anayamba kuperekedwa kwa anthu mu 1958. Asanabwere, m'maiko ambiri akunja ana a chipere cha m'mutu ankawaunika ndi X-ray kuti tsitsi lonse lithothoke, ndipo ena mwa anawo anadzadwala khansa atakula. Ife tili ndi mwayi, chathu ndi kumwetsa mwana piritsi basi. Pali mapiritsi enanso otchedwa terbinafine amene a dokotala akhoza kusankha, malinga ndi mmene aonera.

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa ndi pomwe amayi ambiri timaphonya. Griseofulvin satsuka tsitsi lakale lomwe lagwidwa kale. Iye amalowa m'tsitsi latsopano lomwe likumera pansi, nalitchinga kuti tizilombo tisalowemo. Tsitsi latsopanolo likamakula limakankhira kunja lodwala lija, mpaka lonse litatha. Koma tsitsi silikula usiku umodzi. Pamwezi limatalika pafupifupi sentimita imodzi yokha. N'chifukwa chake mwana amamwa mapiritsiwa tsiku lililonse kwa milungu 6 mpaka 8, ndipo ena amafunika kupitirira pamenepo.

Pakatha milungu iwiri kapena itatu kuyabwa kumaleka, nkhungu zimachepa, mwana amaleka kukanda. Nthawi yoopsa ndi imeneyi. Mayi amaona kuti mwana wachira, nasunga mapiritsi otsala kuti adzathandize mng'ono wake. Pakapita mwezi chipere chabwerera, ndipo tiyambirenso pachiyambi. Ndikudziwa kuti kwa mayi wochokera kumidzi ya kutali ndi Thambani, Kunenekude kapena Tulonkhondo, kubwereranso kudzatenga mapiritsi ena ndi ulendo wa tsiku lathunthu, nthawi zina m'nyengo yopalira. Musachite manyazi kunena zimenezi. Funsani kuti mapiritsi omwe mwalandirawo ndi a masiku angati, ndipo mubwere liti. Pemphani kuti tsikulo alilembe m'buku. Kuyenda kawiri tsopano n'kopepuka poyerekeza ndi kuyenda chaka chonse.

Kuchuluka kwa mankhwala kumatengera kulemera kwa mwana, ndipo n'chifukwa chake timayamba tamukweza pa sikelo. Mwana wa makilogalamu 12 samwa mofanana ndi wa makilogalamu 25. Choncho musagawire ana awiri mapiritsi a mwana mmodzi. Onse awiri adzalandira osakwana, ndipo palibe adzachire.

Chinanso chomwe ambiri sauzidwa: mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta. Mwana akamwa ndi madzi okha m'mimba muli zii, gawo lina la mankhwala limangodutsa. Mpatseni atadya phala lothira nsinjiro, ndiwo zotendera, chiponde, peyala kapena mkaka. Manachesi athu a kuno ku Mwanza ndi okoma, ndipo mwana adye ndithu, koma mulibe mafuta, ndiye pa ntchito iyi sathandiza. Ngati mwana sangathe kumeza piritsi, liphwanyeni pa supuni, musakanize ndi phala pang'ono loti amalize lonse. Mukaiwala tsiku limodzi, mawa lake musamupatse awiri, ingopitirizani monga mwa masiku onse.

Ana ena amamva mutu, nseru kapena kutsegula m'mimba pang'ono masiku oyamba, ndipo zimenezi zimatha zokha. Koma mukaona zidzolo thupi lonse, kutupa nkhope, kusanza kosalekeza, kapena maso achita chikasu, lekani mankhwala mubwere naye tsiku lomwelo.

Chotupa chija musaboole

Tibwerere kwa malume aja ndi lezala yawo. Nthawi zina thupi la mwana limalimbana kwambiri ndi tizilombo tija, ndipo pamutu pamatupa chotupa chofewa, chowawa, chokhala ndi timabowo tambiri totuluka mafinya. Tsitsi la pamenepo limazuka mukangolikoka pang'ono. Kumbuyo kwa khosi kumatuluka mwanabere. Aliyense woona amati ndi chithupsa chachikulu chofunika kutumbula.

Si chithupsa. Ndi chipere chomwe chija chafika poipa. Mukachicheka simupeza thumba la mafinya monga m'chithupsa, mungowonjezera bala. Ndipo chotupachi chikachedwa kulandira mapiritsi chimawononga mizu ya tsitsi, pamalopo n'kutsala chipsera chosalala pomwe tsitsi silidzameranso moyo wake wonse. Ndinaonapo mtsikana wamkulu ndithu amene sachotsa mpango kumutu ngakhale kutenthe bwanji, chifukwa cha chipsera chomwe anachipeza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anzake ankamuseka mpaka anasiya sukulu. Mwana akatupa motere, musadikire tsiku la sikelo. Akayamba mapiritsi msanga, nthawi zambiri tsitsi limameranso, ngakhale pamatenga miyezi.

Musapakenso madzi a batire, mafuta a mabuleki a galimoto, palafini kapena utomoni wa nkhadze. Zimenezi zimaotcha khungu, ndipo tizilombo tomwe tili pansi timatsala osakhudzidwa.

Za machubu a pamsika

Ife a ku Mwanza tili pamsewu waukulu, ndipo katundu wodutsa pachipata cha ku Zobue ndi wambiri. Pakati pa katunduyo pali mafuta oyeretsa khungu ndi machubu omwe ogulitsa amati amachiza nthenda iliyonse ya pakhungu. Ambiri mwa amenewa muli mankhwala amphamvu otchedwa betamethasone kapena clobetasol. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake pa matenda ena, koma pa chipere ndi mdani. Amaletsa kuyabwa ndi kufiira m'masiku awiri, ndiye wopaka amakondwa. Koma amatero pogonetsa chitetezo cha khungu, ndipo tizilombo timapeza mpata wofalikira ndi kulowa pansi m'mabowo a ubweya. Izi zimachitika ngakhale pamwendo kapena pankhope pa munthu wamkulu. Chipere chotere chimataya mawonekedwe ake ozungulira, chimatuluka timatuza tolimba, ndipo nachonso sichimvanso opaka, chimafuna mapiritsi.

Ku India, komwe machubu osakaniza oterewa akhala akugulitsidwa mwachisawawa, kunabuka mtundu wa chipere wosamva terbinafine. Akatswiri anaupatsa dzina mu 2020, ndipo mu 2023 analengeza kuti wapezekanso ku New York. Nkhani ya chubu cha pamsika si yaing'ono monga timaganizira. Ngati kuwerenga zolembedwa pachubu kukuvutani, aonetseni alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu musanapake.

Kunyumba mutani?

Mwana amene wayamba mapiritsi apite kusukulu, palibe chifukwa chomubisa. Akhale ndi chipeso chake, chipewa chake ndi kansalu kake kopukutira. Chapani zofunda ndi sopo, muyanike padzuwa. Pometa, mwana aliyense akhale ndi lezala yake yatsopano, ndipo mukapita naye kwa ometa onetsetsani kuti makina atsukidwa ndi sipiriti. Ngati a dokotala akupatsani sopo wamadzi wa ketoconazole wosambitsa m'mutu, msambitseni kawiri pa mlungu. Sopoyu amachepetsa kupatsirana, koma salowa m'malo mwa mapiritsi. Yang'anani m'mitu mwa ana onse a pakhomo, pamodzi ndi aja amagona kwa agogo awo.

Mawu kwa inu amayi eni ake

Mwina mwaona chipere pathupi panu ndipo mwaganiza zomwako mapiritsi a mwana. Chonde musatero. Griseofulvin akhoza kuvulaza mwana wa m'mimba, choncho mayi woyembekezera samwa. Ngati mukukayika kuti mwina mwaima, kapena mukuyamwitsa, nenani musanalandire mankhwala. Mankhwalawa amafooketsanso njira zina zolera, makamaka mapiritsi olera ndi kaja koika pamkono, ndiye a dokotala ayenera kudziwa njira yomwe mukutsata kuti akulangizeni zogwiritsanso ntchito makondomu nthawi yonse ya mankhwala ndi mwezi umodzi mutamaliza. Abambo amene amwa mankhwalawa amalangizidwa kudikira miyezi 6 asanapereke mimba, ndipo mowa ausiye kaye. Mukawauze kunyumba.

Munthu wamkulu akakhala ndi chipere chofalikira thupi lonse, kapena chobwerera kawirikawiri ngakhale wamaliza mankhwala, ndi bwino ayezetse magazi a HIV ndi a shuga, popeza matenda awiriwa amafooketsa chitetezo cha thupi. Onse awiri ali ndi chithandizo, ndipo chikayambika khungu nalonso limayamba kumva mankhwala. Palinso banga lina lotuwa lomwe anthu amalisokoneza ndi chipere. Siliyabwa, ndipo mukalikhudza ndi kathonje munthu samva kanthu. Limeneli likhoza kukhala khate, lomwe limachizika ndi mankhwala aulere.

Mwana akamaliza milungu 8 osadumphitsa koma osasintha, bwererani naye ku chipatala cha boma cha Mwanza. Akhoza kumuonjezera milungu, kumusinthira mankhwala, kapena kumutumiza kwa madokotala a khungu ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe amapala pang'ono khungu ndi tsitsi n'kuziyeza. Pobwera tengani buku la mwana, mapiritsi otsala ngati alipo, ndi chubu chilichonse chomwe munapakapo, ngakhale chatha. Mng'ono wake amene wayamba kukanda m'mutu uja mubwere nayenso.