Chibale ndi Fupa

Omvera m'maboma onse, nkhani ya lero ichokera ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, ndipo ikunena za udindo wa banja pamene mmodzi wadwala khansa ya m'magazi.

Taganizani za mnyamata wothyola tiyi pa esiteti ina kumeneko. Wayamba kufooka, thupi likutentha kosalekeza, nkhama zikutuluka magazi. Kuchipatala cha boma amutumiza ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre, kumene madokotala apeza khansa. Kuyambira tsiku limenelo matendawo ndi a nyumba yonse.

Mankhwala a khansa amaperekedwa m'zigawo kwa miyezi ingapo. Amasanzitsa, amathothola tsitsi, amabweretsa zilonda m'kamwa. Poona izi achibale ena amataya mtima, nanena kuti pali dzanja la munthu, namutulutsa wodwala m'chipatala. Kutero ndi kulakwa kwakukulu. Khansa si ufiti, ndiponso sipatsirana. Tsitsi limameranso, koma khansa yosiyidwa panjira imabwerera ndi mphamvu.

Kaŵirikaŵiri wodikirira amakhala mayi. Iye ndiye amaphika phala, kuchapa, ndi kumva malangizo a anamwino, pamene kumudzi munda wake ukuloŵa tchire ndipo malo ake pamsika wa Bvumbwe ali pululu. Mutu umodzi susenza denga. Abale agaŵane ntchito: wina apalire munda, wina asunge ana, wina asonkhe ndalama ya ulendo, wina akalandire mayiyo kuti akapume.

Kwa odwala ena mankhwala okha sakwanira, ndipo madokotala amalangiza zoika maselo atsopano opanga magazi. Mlimi wa ndiwo zamasamba wa ku Bvumbwe sangavutike kumvetsa zimenezi, pakuti amadziŵa kuwokera mbande. Mafuta a m'mafupa ndiwo nazale ya magazi. Nazale ikagwidwa matenda, madokotala amaifafaniza ndi mankhwala amphamvu, kenaka amaloŵetsa maselo abwino kudzera mumtsempha, monga amachitira poika magazi. Dokotala wa ku America amene adatsogolera njira imeneyi, E. Donnall Thomas, adalandira mphoto ya Nobel mu 1990. Kwa Mmalaŵi chithandizochi chimafuna ulendo wa kunja, monga ku India kapena ku South Africa, ndi ndalama zochuluka.

Nanga mbande zake zichokera kuti? Odwala ena amawaika maselo ao omwe, koma ena amafuna wowapatsa. Woyamba kuyezedwa ndi mbale kapena mlongo wa bere limodzi ndi bambo mmodzi, ndipo mwai woti agwirizane ndi wodwalayo ndi umodzi mwa inai. Pano mwambi uja wakuti chibale ndi fupa sichiola umakwaniritsidwa m'maso muli gwa.

Anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, ndipo ena amaopabe nkhani iliyonse ya magazi. Choona ndi ichi: woperekayo amabayidwa jakisoni kwa masiku oŵerengeka, kenaka makina amatenga maselowo m'magazi a pamkono, nthaŵi zina amawatenga m'fupa la m'chiuno iye atagonekedwa. Thupi lake limabwezeretsa zonse m'masabata ochepa.

Mbande yongowokera imafuna mthunzi. Maselo atsopano amatenga masabata 2 kufikira 4 kuti ayambe ntchito, ndipo masiku 100 oyamba ndi oopsa, popeza thupi silingathe kudziteteza. Mwambo wozonda matenda ndi wabwino, koma panthaŵiyi khamu la anthu m'chipinda lingaphe munthu. Wachifuwa kapena chimfine apereke moni ali kutali. Madzi akumwa aŵiritsidwe, chakudya chipse bwino, womugwira asambe m'manja ndi sopo. Thupi likangotentha, dokotala adziŵe tsiku lomwelo.

Mabanja ambiri sangafike ku India, ndipo si khansa iliyonse imene imachizika. Komabe ntchito ya chibale sithera pamenepo. Ku Gulupu kuli gawo la Tiyanjane, limene limathandiza kuchepetsa ululu ndi kulangiza osamala odwala kunyumba. Wodwala auzidwe zoona mwachifundo, adye pamodzi ndi anzake, afunsidwe maganizo pa nkhani za pakhomo monga kale.

Omvera, ngati pamudzi panu pali mayi amene wakhala mwezi wathunthu akudikirira matenda, maŵa m'maŵa tengani khasu mukaone munda wake.