Mau Okumbukira Edwin Swales, Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka ku Ntcheu



Ndifuna tikumbukire mnyamata wina, Edwin Swales, amene anabadwa m'chaka cha 1915 ku Inanda, m'dziko la Natal. Iye anali kalaliki monga ine, nagwira ntchito m'banki ya Barclays ku Durban. Itabuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anayamba wamenya nkhondo ya pamtunda ku Abyssinia, komwenso asilikari athu a K.A.R. analimbana ndi Ataliyana m'chaka cha 1941. Pambuyo pake analowa gulu la ndege.

Usiku wa pa 23 February 1945 anatsogolera ndege zokaponya mabomba pa mzinda wa Pforzheim ku Germany. Adani anaombera ndege yake ya Lancaster, nawononga mainjini awiri mwa anayi. Pobwerera, ataona kuti ndege ikukanika m'mitambo, analamula anzake asanu ndi awiri kuti adumphe ndi maparachuti, mwini wake nagwiritsa chiwongolero kufikira womaliza atatuluka. Onsewo anapulumuka, iye yekha anagwa nayo pafupi ndi Valenciennes ku France, ali wa zaka 29. Anam'lemekeza ndi mendulo ya Victoria Cross atafa kale.

Sindikubisirani kuti usiku womwewo mabomba aja anapha anthu oposa 17,000 m'mzindamo, ochuluka a iwo osagwira mfuti. Nawonso anali ana a anthu. Chifukwa chake nkhondo sitiitama.

Koma taonani, abale: mbiri ya mnyamatayu taidziwa, tsiku ndi malo omwe, popeza inalembedwa. Nanga anyamata a m'midzi yathu ino amene anatsala ku Abyssinia ndi ku Burma, adzawatchula ndani? Maina awo ali m'mitima ya nkhalamba zowerengeka, ndipo fodya wako ndiye ali pamphuno.

Tsono pempho langa ndi ili: aliyense akafunse kwawo, kwa anyakwawa ndi kwa agogo, dzina la msilikari amene sanabwerere, mfunda wake ndi mudzi wake, nadzandipatsa msonkhano wamawa usanafike. Cholembera ndili nacho, buku ndigula ndekha.