Chilombo cha mutu wa ng'ombe ndi ana a eni



Ndapemphedwa kuti ndikambepo za zilombo za m'nthano za Agiriki, zija mbali ina munthu mbali ina nyama. Zilipo zambiri, koma ine ndasankhapo chimodzi, Minotaur, cha thupi la munthu koma mutu wa ng'ombe yamphongo.

Nthano imati Mfumu Minos ya pa chilumba cha Crete idachitsekera m'chinyumba cha njira zokhotakhota, choti ukalowa sutulukanso. Anthu a ku Athens ankakakamizidwa kutumiza anyamata 7 ndi atsikana 7 kuti chilombocho chikadye. Zidatha pamene Theseus adachipha, natuluka potsata ulusi umene adampatsa Ariadne, mwana wa mfumu yomweyo.

Taonani mmene aluso adachigwiritsira ntchito. Mlakatuli Dante adachiika ku gehena, pa khomo la malo a anthu achiwawa, kumene mafumu ankhanza akumira mu mtsinje wa magazi owira. M'chaka cha 1885, nyuzipepala ina ya ku London itaulula za malonda a ana aakazi, George Frederic Watts adachijambula chikusuzumira kunyanja, kudikira ngalawa yobweretsa ana, kambalame chitakaphwanya ndi dzanja. Mu 1935 Pablo Picasso adachijambula chikuyang'anizana ndi kamtsikana konyamula kandulo ndi maluwa. Kamtsikanako sikakuthawa ayi.

Nanga n'chifukwa chiyani aluso sasiyana nazo zilombozi? Ine ndimati n'chifukwa choti nkhanza zilibe nkhope ya nyama yokha. Manja ake amakhala a munthu. Komanso chimene sungachitchule dzina poyera, ukachiveka nyanga anthu amachizindikira.

Ife zimenezi si zachilendo. Jack Mapanje adabisa mawu ake mwa bilimankhwe m'buku lake la 1981, komabe adamangidwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, nakatuluka ku Mikuyu mu 1991. Ena mwa inu mudathawa kwawo kuno chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo.

Tsono ndikusiyirani funso ili. Wolakwa kwenikweni ndani, chilombo, mfumu imene idachimangira nyumba, kapena akuluakulu a ku Athens amene ankawerenga ana a eni n'kuwakweza m'ngalawa ali chete? Minos sadathe. Dziko likayambanso kuwerenga ana ake mwakachetechete, dziwani kuti wina wayamba kale kuumba njerwa za chinyumba chija.