Musanagule throttle body yaikulu, yezani kaye mpweya

Nkhani yanga ndi ya injini ya petulo, makamaka zida ziwiri zimene achinyamata timathamangira kusintha tikafuna kuti galimoto izikoka kwambiri: throttle body ndi intake manifold. Ena mwa inu mukuphunzira umakaniko, ena mumayendetsa Sienta kapena Probox ya abwana, ena mukusunga ndalama kuti tsiku lina mudzagule ka Vitz kanu. Nonsenu ndikukupemphani chinthu chimodzi: musatulutse ndalama musanadziwe ngati injini yanu ikusowadi mpweya, ndiponso pamene mpweyawo ukutsamwa.

Tiyambe ndi mmene zimagwirira ntchito. Injini imapuma. Kuti petulo wolemera kilogalamu 1 apse bwino, pamafunika mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Ndiye mphamvu ya injini imadalira kuchuluka kwa mpweya umene yameza, petulo amangotsatira. Throttle body ndi chitseko cha mpweyawo. M'kati mwake muli kambale kozungulira kamene kamatembenuka mukaponda moto. M'galimoto zakale kamakokedwa ndi waya, m'zatsopano kamatembenuzidwa ndi kamota kolamulidwa ndi kompyuta. Mpweya ukadutsa chitsekocho umalowa mu intake manifold, imene ili ndi chipinda chosonkhanitsira mpweya komanso mapaipi, paipi iliyonse kupita ku silinda yake.

Wogulitsa angakuuzeni kuti chitseko chikakula, mphamvu ikulanso. Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a Fomu 2 basi. Titenge injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, imene ili m'ma Sienta, Probox ndi Corolla ambiri. Masilinda ake onse amadzaza kamodzi injini ikazungulira kawiri. Ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, pamene imatulutsa mphamvu zake zonse, ndiye kuti ikudzaza ka 3,000. Chulukitsani ndi 1.5, mupeza malita 4,500 a mpweya pa mphindi, migolo ya malita 200 yoposa 22. Amene anapanga injiniyo anasankha throttle body yodutsitsa mpweya wonsewo. Koma m'tauni mumayenda cha m'ma 2,500, pamene injini singameze malita oposa 1,875 ngakhale mutaponda mpaka pansi. Mukachotsa throttle body ya mamilimita 50 n'kuika ya 60, khomo lakula ndi 44 peresenti, koma masilinda akadali a malita 1.5 omwe aja. Mwakulitsa chitseko, nyumba ndi yomweyo.

Nanga n'chifukwa chiyani amene asintha amalumbira kuti galimoto yadzuka? Chifukwa mukangogusa pedulo pang'ono, khomo lalikulu limalowetsa mpweya umene kale unkalowa mutaponda theka. Galimoto imadumpha, mtima n'kukhala m'malo. Koma mukaponda mpaka pansi mphamvu ndi yomwe ija, ndipo pa mzere wa galimoto kapena pamatope imavuta kuigwira.

Onani zimene anachita eni ake a Toyota. Mu 1991 anatulutsa injini ya 4A-GE ya mavavu 20, imene anthu amaitcha Silvertop. Inali ya malita 1.6, silinda iliyonse ndi throttle body yakeyake, ndipo inkatulutsa mahosipawa 160. Mu 1995 inabwera Blacktop. Anakulitsa ma throttle body kufika mamilimita 45, anakweza kompuresheni kuchoka pa 10.5 kufika pa 11, anasintha kamshafti ndi njira yoyezera mpweya. Zonsezo pamodzi zinabweretsa mahosipawa 165. Asanu okha owonjezera, anzanga, kuchokera kwa mainjiniya okhala ndi fakitale yonse. Ndiye wina akakulonjezani 20 ndi chitsulo chimodzi, mufunseni kuti anayezera pati.

Tibwere ku manifold. Apa nkhani ndi kutalika kwa mapaipi aja. Vavu ikatseka, mpweya umene unali paliwiro umagunda n'kubwerera ngati funde. Funde limeneli likafikanso pa vavu nthawi imene ikutseguka, limakankhira mpweya wowonjezera m'silinda. Paipi yaitali ndi yopapatiza imachita zimenezi injini ikamazungulira pang'ono, ndiye imapereka mphamvu yokokera. Yaifupi ndi yotakasuka imazichita injini ikakwera kwambiri. Simungapate zonse ndi paipi imodzi. N'chifukwa chake 4A-GE yoyamba ya 1983 inali ndi njira ziwiri pa silinda iliyonse, ina yotsekedwa mpaka injini itapitirira 4,000. Manifold onyezimira a mapaipi aafupi amene mumawaona pa intaneti anapangidwira mpikisano. Dzifunseni: kodi galimoto yanga imakhala pa 7,000, kapena imakwera Chiweta itanyamula anthu ndi matumba? Ngati ndi yachiwiriyi, manifold ameneyo akulandani mphamvu pamalo pamene mumaifuna tsiku lililonse.

Palinso china chimene sitichiganizira, kukwera kwa malo. Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 alionse. Galimoto imene inkakoka bwino pa doko ku Japan imafika kuno itataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Throttle body yaikulu singabweze zimenezo, pakuti vuto si khomo koma mpweya weniweniwo.

Ndiye muyeze bwanji? Pezani geji yoyezera vacuum, muilumikize pa kapaipi ka manifold. Injini ikamalira galimoto itaima, singano imaonetsa kukoka kwakukulu chifukwa chitseko n'chotseka. Pitani pa chitunda chopanda anthu, mnzanu akhale pambali kuti aziwerenga geji, inu maso pamsewu. Ikani giya yotsika kuti musapyole liwiro lololedwa, pondani mpaka pansi injini ikwere. Singano ikagwera pafupi ndi 0, mpweya ukulowa momasuka, throttle body yanu ilibe mlandu. Ikatsalira patali, pali chotchinga, koma yambani mwaona sefa ya mpweya ndi paipi yake. Ngati galimoto ili ndi sensa ya MAP, kamakina ka OBD2 kachita ntchito yomweyi. Werengani nambala mutangoyatsa kiyi injini isanalire, kuno kumtunda ikhala cha m'ma 90 kPa, kenako muyerekeze ndi imene ikuoneka mutaponda mpaka pansi. Zikasiyana ndi 2 kapena 3 basi, sungani ndalama zanu.

Nthawi zambiri mphamvu imene mukuifuna inalipo kale, inangotayika. Fumbi la m'chilimwe limatseka sefa. Mwaye umamatirira m'mbali mwa kambale ka throttle body. Sensa ya MAF imada, mapulagi amatha, gasiketi ya manifold imayamba kulowetsa mpweya wakuba. Konzani zimenezi kaye. Potsuka throttle body yamagetsi zimitsani kiyi, musakankhe kambale mwamphamvu ndi chala, ndipo mukamaliza kompyuta ingafunike kuphunziranso kaliridwe ka injini. Sefa zotseguka zija zooneka ngati chisoti, zikaikidwa pafupi ndi injini, zimameza mpweya wotentha. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi pafupifupi 3 peresenti. Mwagula phokoso, mphamvu mwataya.

Sindikunena kuti kusintha zidazi n'kulakwa. Kumathandiza injini ikasinthidwa kale kamshafti, mutu ndi ekizozi, kapena ikaikidwa tebo, moti tsopano ikumeza mpweya woposa umene fakitale inawerengera. Zikatero samalani zinthu zitatu. Choyamba, pakamwa pa manifold pafanane ndi throttle body, pasakhale kakhwawa kosokoneza mpweya. Chachiwiri, kompyuta ikonzedwe ndi munthu wokhala ndi chida choyezera kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Mpweya ukachuluka petulo n'kuchepa, injini imatentha, imagogoda, mavavu amapsa, pisitoni imatha kubooka. Mukaona nambala ya P0171 pa kamakina kaja, injini ikudandaula zimenezo. Kumbukiraninso kuti petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo wotere amafunika wochulukirapo pang'ono pa mpweya womwewo. Chachitatu ndi cha moyo. Paipi imene imafewetsa mabuleki imachokera pa manifold pomwepo. Ikaiwalika kapena ikamataya, pedulo ya buleki imauma ngati mwala, ndipo mudzazindikira muli pamtsetse. Waya wa throttle nawonso uzibwerera wokha mukachotsa phazi. Yesani zonsezi galimoto isanatuluke pa geti, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse zimene mwasintha.

Kwa inu amene mukuphunzira umakaniko, tsiku lina kasitomala adzabwera atanyamula throttle body m'jumbo, akufuna muimange lero lomwe. Musakane, musavomerenso msanga. Tengani geji, mukwere naye, aone yekha singano. Mwina mudzataya ndalama ya tsikulo, koma munthu ameneyo adzabweranso ndi anzake. Kuthamanga si kufika. Amene muli ndi geji kapena kamakina ka OBD2 kunyumba, bwerani nazo pa msonkhano wotsatira kuti aliyense aphunzire kuwerenga.