Mwana Wodziwa Masamu Asamangodikira Anzake



Bungwe lathu lakhala likuthandiza ana osowa yunifolomu ndi makope, ndipo ntchito imeneyi ipitirire. Koma lero ndikufuna tikambe za mwana wina amene timamuiwala: uja amamaliza masamu onse m'mphindi khumi, n'kumangoyang'ana pazenera mpaka belu litalira.

Dziko lathu linaganizirapo za ana otere. Mu 1981 Dr. Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama kuti izitenga ana okhoza bwino kwambiri m'boma lililonse, koma malo anali ochepa. Kenaka mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino. Komabe mphunzitsi amene kalasi lamudzadzira amathamangira otsalira m'mbuyo, ndipo wotsogola uja amauzidwa kuti adikire. Ine sindingawadzudzule aphunzitsi pa zimenezi.

Mwana wa mchemwali wanga ali Fomu 2 pa sukulu ina yoyendera chakumtunda kwa Tsangano. Buku la masamu la kalasi lake analimaliza teremu yoyamba, n'kubwereka la Fomu 3. Mayi ake atakapempha kuti azipatsidwa ntchito yovutirapo, anayankhidwa kuti silabasi ndi silabasi, ndipo mwanayo anapatsidwa ntchito yochonga makope a anzake. Ulendo wachiwiri tinapita tonse. Sitinanene kuti mwanayu ndi wanzeru, poti kholo lililonse limatero. Tinanyamula makope ake n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti amulembetse mayeso a masamu a Fomu 3, aphunzitsi achonge okha. Atachonga, anavomera kuti azilowa nawo m'kalasi la Fomu 3 pa nthawi ya masamu pamene ndandanda yalola.

Onani kuti sitinapemphe kuti adumphe kalasi lonse. Srinivasa Ramanujan wa ku India, mmodzi mwa akatswiri akulu a masamu pa dziko lonse, analandidwa thandizo la maphunziro ku koleji chifukwa ankalephera maphunziro ena ambiri. Anakakhala kalaliki pa doko la Madras mpaka mu 1913, pamene G. H. Hardy wa ku Cambridge anawerenga kalata yake n'kumuitana. Mwana wathu akufunikabe Chingerezi, chifukwa popanda icho satifiketi ya MSCE sangaione. Choncho apite patsogolo m'masamu mokha, kwinaku aziyenda ndi amsinkhu wake.

Vuto lalikulu lili kutsogolo. Bungwe la MANEB limalembetsa phunziro la Additional Mathematics pa MSCE, mmene ana amayambamo calculus, amene adzakumane naye akasankhidwa kukaphunzira uinjiniya. Koma sukulu zambiri zakumidzi siziliphunzitsa chifukwa chosowa mphunzitsi ndi mabuku. Mwana wa ku Bilira kapena ku Kasinje amakafika ku yunivesite n'kupeza anzake a m'tauni anaziona kale zonsezi.

Ndiye ndikupempha, a Wapampando, kuti tisanabalalike tisankhe anthu atatu amene analowa m'masamu mozama. Amenewa akambirane ndi a Hedimasitala za kalasi la Loweruka la Additional Mathematics pa sukulu ino, lolandiranso ana a sukulu zoyandikana nafe, ndipo alembere ofesi ya maphunziro ya Central West Division kuti idziwe ndi kutilangiza. Thumba lathu ligule mabuku ndi kumupatsa mphunzitsiyo kangachepe. Ine ndapereka mabuku asanu oyamba, ali kwa Msungichuma. Amene mungathe kuphunzitsa Loweruka limodzi pa mwezi, lembetsani maina anu kwa Mlembi pakhomo paja.