Akasupe Otentha Atipatse Magetsi

Ku Chiweta m'boma la Rumphi ndi ku Mawira ku Nkhotakota kuli akasupe a madzi otentha. Kutentha kumeneku kukungopita pachabe pomwe ife tikusowa magetsi othiririra mbewu ndi oyendetsera zigayo.

Alipo makina otchedwa ORC amene amatenthetsa mankhwala monga pentane, owira pa madigiri 36 okha. Nthunzi yake imazunguza makina opanga magetsi, kenako imazizira n'kubwerera kukatenthedwanso. Moto wa mankhusu a mpunga ungathenso kuyendetsa makinawa.

Koma tisaiwale za ku Kapisya, ku Zambia, komwe makina otere anaikidwa m'zaka za m'ma 1980 koma sanapindulire anthu. Choncho tikupempha boma kuti liyambe layeza bwino akasupewa, likonzeretunso mawaya ofika m'midzi mwathu.