THUMBA LA M'MAPAPO LOPEZEKA M'MIMBA

Nkhani ya Umoyo

Nkhani ya lero ndi ya cotupa cina cosowa kwambiri, cimene adotolo ambiri amakalamba pa nchito yao osacionapo. Dzina lace m'Cingerezi ndi bronchogenic cyst, ndiko kunena kuti thumba lodzaza ndi mamina, lopangidwa ndi mnofu wonga wa njira za mpweya za m'mapapo. Kawirikawiri thumba lotere likhala m'cifuwa, pakati pa mapapo awiri. Koma nthawi zina lipezeka m'mimba, kutali ndi kwao, ndipo pamenepo mpamene livuta kulizindikira.

Kodi lifikamo bwanji m'mimba? Munthu abadwa nalo. Mwana atakhala milungu 4 m'mimba mwa amace, njira ya cakudya ndi njira ya mpweya zikali cinthu cimodzi, kampope kakang'ono. Pa kampopeko paphuka mphukira imene idzasanduka kholingo ndi mapapo. Nthawi zina kacidutswa ka mphukirayo kamathothoka nikakhala pakokha. Tsono m'masiku amenewo mpanda wa mnofu wolekanitsa cifuwa ndi mimba uli wosatseka. Utseka cakumapeto kwa mwezi waciwiri. Adotolo aganiza kuti kacidutswako kakatsikira kunsi mpanda usanatseke, katsekeredwa m'mimba. M'menemo kapitiriza kupanga mamina, koma popeza maminawo alibe poturukira, kathumbako kafufuma pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Motero palibe cimene mai analakwa pa nthawi ya pakati, ndiponso palibe munthu woloza mnzace pano.

Thumbali likonda kukhala kumbuyo kwa matumbo, ca kumsana, makamaka mbali ya kumanzere, pafupi ndi kaciwalo ka pamwamba pa impso kochedwa adrenal. Anthu ambiri okhala nalo samva kanthu, ndipo lipezeka pamene dotolo ali kufuna nthenda yina. Ena amva kupweteka m'nthiti kapena kumsana, kapena mseru, thumba likakula kapena likagwidwa ndi tizirombo.

Kulizindikira ndiyo nchito yaikuru. Kuunika kwa X-ray, kumene Röntgen anatulukira m'caka ca 1895, kuonetsa bwino mafupa, koma zofewa za m'mimba sikuzilekanitsa. Makina a CT, amene anayamba kuunika odwala ku London m'caka ca 1971, aonetsa malo a cotupa ndi ukuru wace. Koma naonso anyengeka. Mamina a m'thumbalo ali olimba ngati phala, nthawi zina osakanizika ndi laimu, kotero kuti pa cithunzi thumba la madzi lioneka ngati mnofu wouma. Makina ena ochedwa MRI athandiza kuonetsa kuti m'katimo muli zamadzimadzi, koma sanena kuti thumbalo nla mtundu wanji.

Cifukwa cace dotolo wanzeru safulumira kubaya cotupaco ndi singano. Ayamba waganiza za nthenda zina zofanana naco. Pali cotupa ca adrenal cimene cikweza kuthamanga kwa magazi. Cimeneco cikakhudzidwa mosakonzekera, wodwala angafe pa thebulo la opareshoni. Ndico cifukwa cace ayamba apima magazi ndi mkodzo. Palinso thumba la nyongolotsi za agaru, limene likabooka lifalitsa nthenda m'mimba monse. Ndipo palinso khansa.

Mau otsiriza anenedwa thumba litacotsedwa. Dotolo wa opareshoni alicotsa lonse, masiku ano kawirikawiri kupyolera pa timabala ting'onoting'ono, nalitumiza kwa dotolo wina wopima mnofu ndi galasi lokuza zinthu. Iyeyo akaona m'kati mwa thumba tiubweya tonga timene tisesa pfumbi m'kholingo, ndi timagwero ta mamina, ndi tizidutswa ta fupa lofewa longa la khutu, pamenepo adziwa ndithu kuti uwu ndi mnofu wa m'mapapo umene unasokera. Wounika, wa opareshoni ndi wopima mnofu, onse atatu afunika. Akuru anati mutu umodzi susenza denga.

Nanga munthu wouzidwa kuti ali ndi cotupa m'mimba acitenji? Ambiri akamva mau amenewa mtima uwaduka, nayesa kuti imfa yafika. Ena athawa cipatala osabwerako. Kuteroko nkudzipweteka. Dotolo akanena kuti sanadziwe bwino dzina la cotupa, sikuti ali kubisa kanthu, koma kuti cithunzi cokha sicikwanira. Thumba limeneli silisanduka khansa kawirikawiri, ndipo likacotsedwa lonse munthu acira nabwerera ku nchito yace. Koma likatsalako cidutswa likhoza kudzazanso, ndipo cifukwa cace wodwala ayenera kubwerera ku cipatala pa tsiku limene dotolo anamuuza, ngakhale ali kumva bwino m'thupi.

Nkhani ya lero yathera pamenepa. Tsalani bwino nonse.